Miyezi Inayi Yoperewera

Mataró, Spain
9 Sepitembala 2012

Kwa mkazi wanga wamkulu Jonsaba, amake Sainey, ku Kartong,

Mtendere ukhale pa inu ndi onse a pakhomo panga. Ine kuno ndili moyo, kungoti maondo ayamba kale kulosera chisanu. Wolemba kalatayi ndi Yero Baldeh yemwe uja, telala wa mtundu wa Afula, mdzukulu wa akuba ng'ombe za makolo anga. Ndamuuza kuti alembe zotuluka m'kamwa mwangamu basi, akawonjezera zake ndimudula khutu. Nkhani za m'nyumba sindizifuna pa foni. Foni ikalira kumeneko mudzi wonse umasiya ntchito kudzatchera khutu.

Ndatumiza mayuro zana limodzi ndi makumi asanu. Nkhosa ya Idi yathu ya Tobaski mugule tsopano mitengo isanapenge, ndipo isakhale ngati ya chaka chatha imene anthu ankaiyesa galu. Zotsalazo mukonzere mpanda wa dimba lanu la anyezi. Sainey abwere kuchokera ku Brikama adzaumange yekha. Anamuuza ndani kuti woyendetsa takisi sagwira chikwanje?

Wamng'ono wanu pa mitala, Assumpta, akupereka moni. Kunena zoona sanapereke, koma akanakhala pakhomo akanapereka. Masiku ano sakhalitsa pakhomo. Pali mkulu wina dzina lake Ferran, kale ankagulitsa mankhwala, pano adapuma. Wadazi, wa magalasi, miyendo ngati ya kakowa. Amabwera ndi mabuku a mbalame, awiriwo n'kukhala pa tebulo mitu itagundana, kumaloza zithunzi. Mbalame za papepala! Inu mukukumbukira mmene mayiyu adandipezera. Ndinali ndi nkhafi m'manja pa mtsinje wa Allahein, ndikumutchulira mbalame iliyonse pongomva kulira kwake, iye misozi ikulengeza ndi chimwemwe. Lero akuti Ferran amadziwa mayina ake enieni. Ndiye kuti anga aja anali abodza?

Akamacheza m'chinenero chawo ine ndimatola liwu limodzi pa mawu khumi. Ndikalowa kuchokera ku mashedi a letesi, matope ali m'zikhadabo, kuseka kumathera pomwepo. Ferran amaimirira n'kundipatsa dzanja, lofewa ngati la khanda.

Sindikuti pali kanthu. Koma Yero, amene sanafunsidwe, wandiuza lamulo la kuno. Akuti mlendo amene adapeza chiphaso chokhalira m'dziko chifukwa cha ukwati, ukwatiwo ukatha zaka zitatu zisanakwane, chiphasocho amamulanda. Zikakwana, n'chake. Ndamuyankha kuti zanga zikukwana pa Tobaski ikubwerayi. Mboni ndinu. Mudapereka nokha mbale ya mtedza wa kola kwa amalume anga kuti apite nayo ku mzikiti, mawa lake la Tobaski, amuna n'kutafuna, ukwati wanga ndi Assumpta n'kumangika. Mkazi wina akadagubuduka pansi, inu mudavina.

Aphunzitsi Tijan akamakuwerengerani kalatayi akhale pakhonde, osati m'nyumba. Munthu wofedwa mkazi sachedwa kuzolowera mpando wa mwini.

Ndine mwamuna wanu,
Sankung Sanneh


28 Okutobala 2012

Amake Sainey,

Mulungu atifikitsenso pa Tobaski ya chaka chamawa. Mundikhululukire zimene ndidakulakwirani, inenso zanu ndakhululuka. Thupi lili bwino. Kalata yanu ndalandira. Mwati nkhosa inali yonona, ndakondwa. Mwafunsanso ngati nsanje imapweteka. Funso limeneli ndi lanu kapena ndi la aphunzitsi?

Kuno tinasonkherana anthu asanu n'kugula nkhosa imodzi kwa wopha nyama wa ku Morocco. Lachisanu ndinapempha tchuthi, ndinaphika ndekha mpunga ndi nyama yotendera monga mumachitira inu, ndinavala mkanjo woyera n'kumadikira. Assumpta anali atapita kukaona mbalame kumadambo a kumwera. Anati akupita ndi gulu. Anabwera dzulo masana. Gululo linali munthu mmodzi wadazi, ndipo linamutsitsira pa ngodya ya msewu, osati pakhomo. Ndinaona ndi maso angawa ndili pazenera.

Atalowa anati, "Sankung, khala pansi tikambe."

Ndinati, "M'nyumba muno wouza mnzake kukhala pansi ndani?"

"Chabwino, imirira. Ine ndi Ferran tikufunana. Sindinafune kuti ukamvere kwa anthu."

"Bwereza."

"Wamva. Koma za chiphaso chako usaope. Sindipita kukhoti mpaka Malichi atadutsa, zaka zitatu zikwane. Uzigona m'chipinda chaching'onocho, palibe wokuthamangitsa. Sindikufuna kukupweteka."

"Ine ndizigona m'chaching'ono. M'chachikulumo muzigona ndani?"

Anavundukula mphika wa mpunga wogonawo n'kunena kuti, "Unaphika bwino."

Mwamva, amake Sainey? Mkazi kundiikira tsiku, ngati mbuzi yodikira msika. Ine Sanneh, magazi a ankhondo a ku Kaabu, ndikhale mlonda wa pachitseko mnzanga ali mkati, n'kumathokoza kuti andipatsa bulangete. Ndinatenga chikwama changa, mphasa yanga yoswalira ndi ketulo, n'kutsika.

Pano ndikukhala kwa Yero. Tilipo amuna asanu m'zipinda ziwiri, ine ndimagona pambali pa makina osokera. Nditafika anandiyang'ana n'kuti, "Mkulu, mapanga awiri avumbwitsa." Ndinati, "Iwe Mfula, uli nalo phanga n'limodzi lomwe?" Anandipatsa tiyi.

Malichi akunenayo ndi wa pepala limene tidakasaina ku ofesi ku Banjul kuti andilole kukwera ndege. Limene lija si ukwati, ndi tikiti. Ukwati udamangidwa ndi kola pamaso pa Mulungu. Kuchokera tsiku limenelo nkhosa zaphedwa zitatu, yachitatu ndi imene fungo lake lidakali m'manja mwangamu. Zaka zanga zakwana, sindikusowa chifundo cha munthu.

Musauze aliyense. Aphunzitsi, inunso mwamva.

Sankung


18 Novembala 2012

Amake Sainey,

Mtendere ukhale nanu. Ine ndadzuka bwino, ntchito ikuyenda. Mbewu ya anyezi musagule kwa mkulu wa pa msika uja, chaka chatha idamera theka. Sainey wandiuza pa foni kuti mpanda wa dimba anamanga ndi aphunzitsi Tijan. Manja ogwira choko aja? Ndiye mundiuze, chiwindi cha nkhosa yanga adadya ndani?

Sabata yapitayi ndinadutsa pa msewu wa Assumpta. Sindinapite dala, msewu ndi wa boma. Ndinakweza maso, ndipo pa chingwe cha pakhonde, pamene pankayanikidwa mikanjo yanga, panali malaya atatu a mizeremizere. Milungu iwiri yokha, amake Sainey. Ngakhale mbalame imadikira kuti chisa chizizire.

Mawa lake ndinatenga Yero kuti akanditanthauzire, tinapita kwa loya wothandiza anthu osauka. Ndi mayi wa tsitsi lalifupi, wolankhula mofulumira. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzasiya mkazi. Anayang'ana mapepala nthawi yaitali.

Anati, "Bambo, pepala la ukwati likuti 12 Malichi 2010. Boma limawerenga kuchokera pamenepo kufika tsiku limene dandaulo lalowa kukhoti. Kwatsala miyezi inayi. Bwanji osadikira?"

Ndinati, "Yero, muuze kuti lidachedwa ndi pepala, ukwati sudachedwe."

"Umboni muli nawo?"

"Amuna makumi anayi adatafuna kola. Imamu ali moyo."

"Kola n'chiyani?"

Yero anamufotokozera. Mayiyo anaika cholembera pansi n'kugwira mutu. Anati, "Imamuyo akalemba kalata ndikhoza kuyesa, koma sindikulonjeza kanthu. Ndikanakhala mwana wanu, ndikanakubisirani nsapato mpaka Malichi."

Yero anandinong'oneza m'chinenero chathu kuti, "Mkulu, mverani mayiyu. Miyezi inayi ndi chiyani? Mbuzi imatenga isanu kuti ibereke."

Ndinati, "Ndakutenga kuti utanthauzire. Malangizo ukapereke kwa ng'ombe zako."

Ndinasaina. Dzina langa ndimalemba ndekha, zimenezo mukuzidziwa. Tsopano m'mabuku awo mulembedwa kuti woyamba anali Sankung. Sanandisiye iye, ndamusiya ndine. Akamadzadya ndi wadazi wakeyo adziwe kuti akudya zimene ndasiya m'mbale.

Tsono mverani. Mupite kwa imamu, mutenge kola wa ulemu ndi ndalama madalasi mazana awiri a pepala ndi chidindo. Alembe tsiku limene ukwati wanga ndi Assumpta udamangidwa, ndi mayina a mboni. Aphunzitsi aimasulire m'Chingerezi, poti ndiyo ntchito imene adaphunzirira, osati kumanga mipanda ya eni. Muitumize msanga. Chiphaso chimenechi ndicho chimandipatsa ntchito ku mashedi, ndicho chidafolera nyumba yanu ndi malata. Koma musade nkhawa. Choonadi chili ndi mboni makumi anayi.

Sankung


23 Disembala 2012

Amake Sainey,

Moni kwa inu, kwa Sainey ndi kwa adzukulu. Kuno kwazizira, madzi a pampopi akuluma zala. Misewu aikongoletsa ndi magetsi a Khirisimasi, ntchito yachepa. Mwezi uno ndatumiza mayuro makumi asanu ndi atatu okha, muwagwire bwino.

Kalata ya imamu yafika, ya chidindo chake, yomasuliridwa bwino. Ndinapita nayo kwa loya mtima uli m'malo. Anawerenga mpaka pakati, n'kudzuka kukatseka chitseko.

"Jonsaba Touray ndi ndani?"

Ndinati, "Mkazi wanga wamkulu."

"Apa akuti analipo, anavomereza, ndipo adakali mkazi wanu. Bambo, ku ofesi ya ku Banjul kuja simudalumbire kuti mulibe mkazi wina?"

Ndidalumbira, amake Sainey. Zimenezi sindidakuuzeni. Kalaliki adafunsa, Assumpta adandiponda phazi, ine n'kugwedeza mutu. Iye ankadziwa zonse, si ndi amene ankati mitala yathu ndi chikhalidwe chokongola? Ndidangoti ndi mafunso a Azungu.

Loya anati, "Kalata iyi ndikaipereka, sitikambanso za miyezi inayi. Adzati ukwati wonsewo unali wabodza. Ibiseni, ine sindinaione."

Yero akuti dzina lanu lalembedwamo kawiri. Ine ndidapempha tsiku ndi mboni. Anapempha dzina lanu ndani?

Potuluka pamenepo tinadzera mu msika. Ndinawaona awiriwo pa benchi ya nsomba. Ferran ananyamula dengu la Assumpta ngati wantchito, m'khosi atakulunga mpango wobiriwira. Mpango umenewo Assumpta adayamba kuluka chilimwe chathachi, ankayezera m'khosi mwanga. Ndinaima kuseri kwa makatoni a malalanje mpaka atadutsa. Sindinabisale, ndinkaona malalanje.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene mungandichitire. Yero wayamba wakana kulemba, akuti, "Mkulu, mawu awa dzanja langa likuwaopa." Ndamuuza kuti dzanja ndi lake koma mawu ndi anga.

Mubwerere kwa imamu. Alembe kalata ina, yonena kuti pa tsiku la ukwatilo ine ndinali nditakusiyani kale chaka chathunthu. Akatero, tsiku la kola liima, ndipo lumbiro la ku Banjul likhala loona. Ndi mawu a papepala chabe, owerenga ndi Azungu, akatha aponya mu kabati. Zaka makumi atatu ndi zinayi zimene takhala ine ndi inu sizingafufutike ndi inki. Inu ndinu mkazi wanzeru, simunandichititsepo manyazi. Kapena mukufuna kuti wadazi uja adzaime pazenera n'kumaona apolisi akundikweza ndege?

Chitani msanga, khoti silidikira.

Mwamuna wanu,
Sankung


27 Januwale 2013

Kwa Jonsaba, kunyumba kwa alongo ake, ku Gunjur,

Mtendere. Ine ndili bwino, chifuwa chokha. Ndamva kuti mwasamukira kwa alongo anu, mwasiya nyumba yanga m'manja mwa mkazi wa Sainey, ndi anyezi ali pakati pa kukula. Athirira ndani?

Kalata yanu Yero anaiwerenga mpaka pakati n'kuyamba kutsokomola. Ndinati, "Werenga, Mfula iwe, si iwe akukunena." Anawerenga. Ndamuuza kuti awabwereze muno mawu anuwo, kuti muwamvenso mtima utazizira, muone ngati ndi mawu ouza mwamuna.

Mwati: "Muuzeni Sankung kuti pamene ankabweretsa Mzungu wake ndidaphika, ndidavina, ndidamuveka nsalu yanga ya pa ukwati, kenako n'kupita kukalirira ku dimba, anthu n'kumayesa kuti ndi anyezi. Iye wapsa mtima ndi malaya atatu pa chingwe. Ine ndidayala bedi ndi manja anga. Chimene ndidatsala nacho ndi dzina loti mkazi wamkulu, n'chifukwa chake ndidauza imamu alilembe kawiri. Tsopano akufuna limenelonso ndimutumizire ku Ulaya."

Zolirira ku dimbazo bwanji simudanene? Munthu angadziwe bwanji za mumtima mwa mnzake pamene mapazi akuvina?

Mwatinso imamu wakana, akuti salemba bodza pansi pa chidindo cha mzikiti, ndiponso mawu osiya mkazi si choseweretsa, kaya pakamwa kaya papepala. Ine sindinakusiyeni. Ndinapempha pepala. Ndipo kalata yanga inafika bwanji m'makutu a imamu yonse yathunthu? Ndinatuma inu, sindinatume aphunzitsi kuti akaiyimbe ngati nyimbo. Tijan ameneyu adakufunani kale tili anyamata, bambo anu n'kusankha ine wa bwato kusiya iye wa buku. Sadaiwale. Anthu a magalasi onse ndi amodzi, kuno ndi kumeneko.

Khoti laika tsiku la 19 Febuluwale. Loya akuti njira yatsala imodzi: ndichotse dandaulo langa, likhale ngati silinalowepo, kenako tidzalowetse lina Malichi atadutsa. Koma poti Assumpta analandira kale samani, pepala lochotseralo ayenera kusainanso iye. Ndiye kuti ndikwere masitepe aja, ndigogode pa chitseko chimene kiyi wake ndinali naye, ndipemphe.

Ndinamufunsa kuti, "Ndikapanda kutero?"

Anati, "Ukwati utha, chiphaso chithera pomwepo. Bwana wanu sangakusungeni. Muzidzayenda mukuyang'ana kumbuyo."

Ndamuuza kuti Sanneh sapempha. Ndidabwera kuno ndi manja awiri, ndibwerera ndi manja awiri. Bwato langa lidakalipo.

Bwererani kunyumba, amake Sainey. Anthu ayamba kulankhula.

Sankung


17 Febuluwale 2013

Amake Sainey,

Moni kwa inu ndi kwa alamu anga. Chifuwa chija chatha. Kalata yanu sinafike, mwina ndi a positi.

Lachiwiri bwana wa ku mashedi anatiimika pamzere kuti aone ziphaso. Pali mkulu wina wa ku Mali, wa imvi kuposa ine, amene wagwira pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Chake chinali chitatha. Bwana anamugwira paphewa, anamupatsa bokosi la letesi, n'kumuonetsa geti. Mkuluyo anaima pa msewu ndi bokosi lakelo, osadziwa kuti alowere kuti. Changa bwana anachiyang'ana n'kundibwezera.

Dzulo m'mawa ndinavala mkanjo wabuluu, ndinaika pepala la loya m'thumba. Yero anakana kundiperekeza, akuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Ndinapita ndekha.

Anatsekula ndi Ferran, atavala epuloni, supuni ili m'manja. Anati, "Bambo Sankung, lowani, kunja kukuzizira." Kundilowetsa ine, m'nyumba imene mashelefu ake ndidakhoma ndekha.

Assumpta anali pa tebulo, sanadzuke. Anati, "Unanditumizira samani ngati ndine wakuba. Ndinakupatsa miyezi, iwe n'kundiponyera kumaso. Wabwera kudzatani?"

"Ndabwera ndi pepala la loya."

"Za pepala ndikuzidziwa, loya wako anandiimbira. Ndikufunsa iweyo, wabwera kudzatani?"

Wotchi ya pakhoma inkamveka ngati munthu akusinja. Ndiye wadazi uja anati, "Assumpta, musiye. Munthuyu wakwera masitepe makumi asanu ndi maondo amenewa. Sikukwanira?"

Amake Sainey, akanandimenya ndi supuni ija zikanakhala bwino. Kundiikira kumbuyo iyeyo! Pamenepo ndinalankhula msanga, kuti asanenenso china chondikomera mtima. Mawu amene ndinauza Assumpta anali ochepa, ndipo sindiwalemba muno. Iye anavula magalasi ake owerengera n'kupukuta m'maso, akuti, "Ndiwe munthu wovuta, Sankung. Bweretsa."

Ndinati asasaine pepala lisanawerengedwe, asayese kuti kwathu timangopalasa ngati nkhuku. Ferran anawerenga ataimirira, pang'onopang'ono, akumasulira m'Chingerezi chija cha alendo a m'bwato, chala chili pansi pa mawu. Atamaliza ndinati sindinamve bwino. Anabwerezanso, zophika zake zikupserera kukhitchini. Kenako Assumpta anasaina, ine n'kusaina. Mawa loya akalipereka.

Tsono mpaka Malichi ndine mwamuna wa mkazi amene amaphikiridwa ndi mwamuna wina, ndipo ndasainira ndekha. Koma sindinapemphe. Lemba, Yero, usandiyang'ane. Sindinapemphe.

Potuluka Ferran ananditsatira pa masitepe n'kundipatsa kabotolo ka mankhwala opaka m'maondo. Ndinalandira kuti ndikataye m'ngalande. Ndapaka m'mawa uno. Amathandiza, galu ameneyu.

Pepala lija ndinakupemphani silikufunikanso. Muuze imamu aiwale. Inunso muiwale.

Sankung


30 Juni 2013

Kwa Jonsaba Touray, amake Sainey, mkazi wanga wamkulu,

Mtendere ukhale pa inu. Sainey akuti mvula yoyamba yagwa. Ine ndili moyo. Iyi ndi kalata yachisanu kuchokera pamene munandiyankha komaliza. Ziwiri zinali zazifupi, mwina munaziyesa mapepala okulungira mbewu. Pa foni alamu amangoti mwapita kuchitsime. Chitsime cha ku Gunjur chili kutali bwanji, choti munthu n'kupitako kuyambira Januwale?

Nkhani ija yatha. Malichi atadutsa tinalowetsa dandaulo lina, la tonse awiri, lopanda woyamba ndi wotsatira. Woweruza sanathe ndi mphindi khumi zomwe. Assumpta anandipatsa dzanja pa khomo la khoti. Adzakwatirana ndi wadaziyo mwezi wa Sepitembala, anandiitana. Ndinati ndidzakhala ndi ntchito. Ndinkayesa kuti tsiku la kukhotilo mtima udzandiotcha, koma ndinangomva njala, n'kupita kukagula buledi.

Chiphaso chatsopano chafika Lachinayi. Chili m'dzina langa ndekha, chosatsamira pa munthu. Ndi kakhadi kakang'ono, kolowa m'chikhatho, chithunzi chake ndikuoneka ngati malemu bambo anga. Bwana wachiona, wati ntchito ilipo mpaka chaka chamawa. Anzanga a m'nyumba muno anagula nkhuku ziwiri. Yero anavina, Mfula kuvina ngati ng'ombe yolumidwa ndi njuchi. Ine ndinadya pang'ono.

Sainey akuti anyezi adauma theka, otsalawo adakolola ndi mkazi wake. Akutinso ndalama zimene ndimatumiza mumamuuza kuti azisunge yekha, inu mukudya za alongo anu. Za aphunzitsi Tijan ndinamufunsa, akuti sanapondeko ku Gunjur ngakhale kamodzi. Ndinafunsa kawiri. Ndikanakonda akanati amapitako, bwenzi ndili ndi munthu womukwiyira.

Ndi chiphaso chimenechi ndikhoza kubwera kumudzi n'kubwereranso kuno popanda wondiletsa. Ndapempha tchuthi cha mwezi umodzi, kusala kukangotha. Ndakugulirani nsalu, osati yobwezera ija mudaveka mnzanu, imeneyo ndikudziwa kuti ilibe inzake m'sitolo. Ndidzatsikira ku Gunjur ndisanaone Kartong. Alamu akafuna kuti ndidzakhale panja padzuwa, ndidzakhala. Masitepe ndidaphunzira kukwera.

Chinthu chimodzi ndikuuzeni ndekha, musadzamvere kwa wina monga zidachitikira ndi za ku Banjul. Tsiku lokatenga chiphasochi, kalaliki wa ku ofesi anali ndi fomu yake. Anafunsa kudzera mwa Yero kuti, "Pano muli ndi mkazi?" Yero anandiyang'ana. Panalibe wondiponda phazi ulendo uno. Ndinati ndilibe. Analemba, anadinda, n'kundipatsa khadi.

Kuyambira Lachinayi limenelo sindikudziwa ngati ndinamunamiza kalalikiyo kapena ndinamuuza zoona. Loya sangandiuze, imamu sangandiuze. Ndiyankheni, Jonsaba, ngakhale mzere umodzi, wolemba akhale aliyense amene mungafune, ngakhale Tijan. Ndiuzeni kuti ndinanama.

Ndine,
Sankung Sanneh